Nkhope pa Khoma la Kumpoto

Nding! Kaphokoso kake kanali kakang'ono chomwecho, ngati wina wagogoda tambula ndi supuni, koma kankatulukira m'masipika aakulu awiri ndipo kankamveka mpaka pakhonde. Umu ndi mmene pulogalamu yoonetsera mafilimu inkalirira ukaiuza kuti itsegule chinthu chimene siikuchipeza. Papita zaka, koma mpaka lero foni ya munthu ikalira choncho m'minibasi, ndimacheuka msanga.

Nthawi imeneyo ndinali ndi kabenchi pamsika wa Ntaja, pakhonde la telala wina, pomwe ndinkabenera anthu nyimbo ndi mafilimu m'mamemori khadi. Za kompyuta sindinaphunzire kusukulu. Ndinkangoyang'anitsitsa ena akamadina, iwo akachoka n'kuyesa ndekha. Kuyang'anitsitsako ndinakuyamba ndili mwana. Mayi anamwalira ndisanadziwe kanthu, bambo sindinawaonepo, ndipo anandilera ndi agogo ku Mposa, munthu wosakonda mafunso. Chithunzi cha mayi anga chinalipo chimodzi chokha. Ndimakumbukira kuti chinkakhala pakhoma, kenako tsiku lina ndinaona agogo atakwera pamtondo akuchisomeka kudenga, m'kati mwa udzu. Sindinafunse. Mmene ndinkatalika mofikira kudengako n'kuti chiswe chitadya kale, kwangotsala ngodya imodzi yooneka phewa ndi nsonga ya mpango. Nkhope ya mayi anga sindiidziwa.

Amene anandiitana kunyumba kwawo anali bambo ena amalonda a mpunga ndi simenti, omwe pa Ntaja ponse tinkangowatchula kuti Alhaji. Mwana wawo wa ku Joni anali atawabweretsera kompyuta yaing'ono yakuda, ya pabalaza. Anailowetsa m'kabati, n'kuilumikiza ku TV yaikulu ndi masipika, iye n'kubwerera.

"Iwe ndiye wodziwa makinawa?" anandifunsa Alhaji nditavula nsapato pakhomo.

"Pang'ono, bambo."

"Pang'ono pakopo paposa panga. Chinthuchi chimandifunsa mafunso ngati wapolisi wa pa rodibuloko. Ine ndikufuna ndikadina, chilankhule basi."

Ndinapitako masana angapo. Pulogalamuyo inali ndi makomo ambirimbiri olembedwa m'Chingerezi, ndipo ndinawabisa onse n'kusiya atatu okha a zilembo zikuluzikulu: Kurani, Mpira, Banja. Mtundu ndinasintha kukhala wobiriwira chifukwa ndi umene anasankha. Pa rimoti ndinamata timapepala pa mabatani anayi, ena onsewo ndinati asamawakhudze. Vuto limene linandidyera masiku awiri linali la mawu ochedwa: munthu watseka kale pakamwa, mawu ake n'kumatuluka pambuyo. Nditapeza pokokera mawuwo kuti ayendere limodzi ndi milomo, ndinadziona ngati injiniya. Mafayilo onse anali pa D. Ine ndinkadziwa kuti hadi, mosungira zinthu m'kompyuta, amaigawa pawiri, C ndi D, choncho sindinaganize n'komwe zosuzumira kuseri kwa kabati.

Mu Banja munali filimu imodzi yokha, ya ukwati wa mwana wawo wamkazi. Tsiku loyamba kuitsegula, Alhaji anandiuza kuti ndiimitse penapake. Panali mayi onenepa atanyamula beseni la mpunga, akukalipira wojambulayo: "Chotsa chimenecho iwe, ukundijambula ndili thukuta lokhalokha!" Kenako anaphulika kuseka, mutu atapendekera kumbuyo.

"Amenewo ndi mayi a nyumba ino," anatero Alhaji. "Anatisiya zaka ziwiri zapitazo. Kamera imene anajambulira inabedwa limodzi ndi laputopu ku Joni. Mawu awo atsala muno mokha."

Ndinapita kwathu ndikuganiza za ngodya ya chithunzi ija. Kutacha ndinabwera ndi nzeru imene palibe anandituma. Alhaji ankakonda kuti Kurani izimveka chapansipansi tsiku lonse, ngakhale iwo ali kusitolo, ndipo nthawi yonseyo sikirini inkangokhala yakuda. Ndinadula pafilimu paja pamene mayiwo akuseka, n'kuuza pulogalamuyo kuti pakapita mphindi zochepa wina osakhudza rimoti, nkhope imeneyo izituluka yokha, kudzaza TV yonse. Itatuluka koyamba Alhaji anaiyang'anitsitsa. Kenako anandigwira paphewa.

"Wachita bwino, mwanawe."

M'nyumbamo munalinso mayi ena, mkazi watsopano wa Alhaji, wochokera ku Nayuchi, amene anali asanathe chaka pakhomopo. Anali wamng'ono, mwina kundiposa ine pang'ono chabe. Ankabweretsa tiyi, kugwada, kupereka moni, n'kutuluka. Ine ndimaona zinthu, koma si zonse zimene ndimazimvetsa pomwepo. Ndinaona kuti ndikafika masana Alhaji kulibe, TV inkakhala itaphimbidwa ndi chitenje. Ndinaona mkeka woswalira utapindidwa pambali pa mpando. Ndinaonanso Alhaji akusolola chitenjecho n'kuchiponya uko, amvekere, "Fumbi lake liti? Akazi ndi nsalu!" Kwathu ndife a tchalitchi, ndipo zithunzi pakhoma n'zosadabwitsa. Zoti kabatiyo inatsamira khoma la kumpoto, kumene Asilamu amayang'ana poswali, sizinandilowe m'mutu.

Lolemba lina m'mawa Alhaji ananditumizira wakabaza kuti ndifike msanga. Ndinapeza Alhaji ataima pakati pa balaza, rimoti ili m'manja.

"Kuyambira dzulo malemu mayi sakutuluka pa TV," anatero. "Kurani nayonso yakhala chete. Lachisanu kuli sadaka yawo. Mwana wanga akubwera ndi adzukulu, ndipo ndawalonjeza kuti adzamva agogo awo akuseka. Takonza."

Sadaka ndi mwambo wokumbukira malemu. Amaphika mpunga wambiri, abale amasonkhana, ashehe amapemphera. Ndinalandira rimoti ija. Pa sikirini mayina onse analipo, ndi tizithunzi take, ngakhale ka nkhope ya mayi aja. Ndinadina pa ukwati. Nding! Ndinadina pa Kurani. Nding! Ndinazimitsa kompyuta n'kuyatsanso. Nding! Ndinatuluka mu pulogalamuyo kukayang'ana mafoda, ndipo ndinapeza C ili yokhayokha. D kunalibe, ngati sinakhalepo n'kale.

Alhaji anali ataima kumbuyo kwanga, mpweya wawo ukundifika m'khosi. Munthu akakuimirira chomwecho umafuna kuoneka kuti ukuchita kanthu. Ndinabwerera mu pulogalamu muja, n'kupeza batani loyeretsera mndandanda wa mafilimu. Ndinaganiza kuti mwina ndi zinyalala zimene zatseka njira. Inandifunsa funso lalitali m'Chingerezi, ine osaliwerenga mpaka kumapeto, n'kuvomera. Kamzere kobiriwira kanathamanga kuchoka kumanzere kupita kumanja. Katafika, Kurani munalibe kanthu, Mpira munalibe kanthu. Ndinatsegula Banja. Ngakhale kachithunzi kaja kanali katapita.

Alhaji sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa.

"Ali kuti?" anafunsa motsitsa mawu.

"Alimo, bambo."

"Sindikuwaona."

"Abisika chabe. Pakufunika makina ena amene ali ku Balaka. Kompyutayi ndipita nayo mawa."

Linali bodza. Mumtima ndinkadziwa kuti ndafufuta mawu a munthu wakufa ndi chala changa, mwamuna wake akuona. Ndinagwada n'kuyamba kuzula zingwe kuseri: cha magetsi, cha TV, cha masipika. Panalinso china chachifupi, chakuda, chopanda kanthu kumapeto kwake. Ndinachizula n'kuchisiya m'kabatimo osachiganizira. Potuluka ndinadutsana ndi mkazi watsopano uja pakhonde akupeta mpunga. Ndinatsanzika, iwo anayankha maso ali palichero.

Lachiwiri ndinakwera minibasi ya ku Liwonde, kenako ina ya ku Balaka, kompyuta nditaikulunga m'chitenje pamiyendo. Msewu ukafika pokumbika ndinkainyamula m'mwamba kuti isagunde. Mayi wina woyandikana nane anandifunsa ngati muli mazira. Sindinathe ngakhale kumwetulira.

Ku Balaka kunali mkulu wina wokonza makompyuta kuseri kwa depoti, wa magalasi omangidwa ndi waya mbali imodzi. Ndinkagula kwa iye mamemori khadi, ndipo ankakonda kundiseka.

"Ee, injiniya wa ku Ntaja! Lero mwapha chiyani?"

Ndinamufotokozera zonse. Anamasula zomangira zinayi, kusuzumira m'kati, kenako kuiyatsa n'kudina apa ndi apo, uku akutafuna chinangwa.

"Batani lakolo silifufuta filimu," anatero. "Limangofufuta mayina a zinthu zimene pulogalamu yazisowa. Kodi nthawi ya Chingerezi kusukulu munkathawira pawindo?"

Ndinapuma koyamba chichokereni Lolemba. "Ndiye kuti alimo?"

"Iyayi. Ndati sunafufute, sindinati alimo. Taona. Muno muli hadi imodzi, ndipo ndi yosagawa. D yakoyo siinali m'kati muno. Inali hadi yakunja, kabokosi ngati sopo wosambira, ka chingwe chachifupi. Wina wazula."

Chingwe chija chinandibwerera m'maso, chili lende kuseri kwa kabati.

"Pabalazapo amakhudza makinawa ndani?" anafunsa.

"Eni ake. Akazi awo amasesapo. Ndi ine."

Anaseka mpaka kutsamwa ndi chinangwa. "Basitu wakuba ndiwe, achimwene. Eni ake sangadzibere okha. Ndipo mkazi wa Alhaji sungamuloze chala ngati ukufuna kuti uzigonabe pa Ntaja. Pepa. Tenga katundu wako, sindikulipiritsa, uli kale m'madzi."

Ulendo wobwerera sindiukumbukira bwino. Ndimangokumbukira kuti podutsa pa mlatho wa Shire ndinayang'ana madzi n'kuganiza kuti kabokosi konga sopo kakhoza kumira mosavuta, ngakhale m'chimbudzi chokumba. Ndinali nditaonapo zimene anthu amachita ndi munthu amene wakuwiziridwa kuti ndi wakuba pamsika, safunsa kaye. Koma chimene chinkandiopsa kwambiri sichinali zibakera. Chinali adzukulu aja atakhala pamphasa Lachisanu, maso pa TV, agogo awo aamuna akudina rimoti, kenako nding. Ndinkadziwa bwino mmene mwana amakulira ndi phewa ndi nsonga ya mpango basi.

Lachitatu sindinatsegule benchi. Ndinatumiza uthenga kwa Alhaji kuti makina akadali pa ntchito. Bodza lachiwiri. Ndinakhala m'kachipinda kanga, chitseko chotseka, njinga iliyonse yoima panja ndikuyesa kuti abwera kudzanditenga. Chitenje cha pa TV chija chinkangobwerabwera m'maganizo, pamodzi ndi mkeka uja. Ndinaima n'kuyerekeza mmene balazalo lakhalira: khomo kummwera, mawindo kum'mawa, kabati kumpoto. Apo m'pamene ndinaona chimene ndinachita. Mayi uja, Alhaji ali kumzikiti, amayala mkeka wake n'kuyang'ana kumene chipembedzo chake chimamuuza kuti ayang'ane, ndipo kutsogolo kwake kumatuluka nkhope ya mkazi woyamba, yaikulu ngati chitseko, ikuseka. Tsiku ndi tsiku. Akaphimba, mwamuna wake amasolola.

Masana ndinaimba foni kwa mnansi wa agogo ku Mposa kuti awapatsire.

"Mawu akowo bwanji?" anatero agogo ndisanamalize moni. "Waba chiyani?"

"Sindinabe, agogo."

"Nanga ukunjenjemera chiyani? Wapereka mimba?"

"Iyayi. Ndimafuna ndifunse. Chithunzi cha amayi chija, munachisomekeranji kudenga?"

Ndinkangomva nkhuku chapatali.

"Unandiona?"

"Ndinakuonani."

"Iwe ndi maso akowo." Anapuma mwamphamvu. "Ankandiyang'ana. Ndikusesa akundiyang'ana, ndikudya akundiyang'ana. Sindinkafuna kutaya ayi. Ndinkangofuna ndipumeko. Za chiswe sindinaganize." Kenako mwaukali: "Wadya?"

Ndisanayankhe mayunitsi anatha.

Lachinayi m'mawa ndinanyamula kompyuta ija kupita nayo kwa eni ake. Kuseri kwa nyumba kunali amayi ambiri akusankha mpunga wa sadaka, ena akutsuka miphika ikuluikulu. Alhaji ndinakumana nawo pageti akupita kusitolo.

"Abwera?" anafunsa.

"Ndikukalumikiza, bambo."

"Ndidzawaona ndikachoka ku swala ya madzulo. Usandichititse manyazi pamaso pa ana."

Pabalaza ndinapeza mayi a ku Nayuchi aja okha, atakhala pansi akupukuta mbale zambirimbiri. Ndinapereka moni, anayankha. Ndinagwada kuseri kwa kabati n'kubwezera zingwe. M'fumbi la pansi pa kabatiyo munali kamalo koyera, ka makona anayi, kukula kwake ngati sopo. Ndinakayang'ana kanthawi. Chingwe chachifupi chija ndinachitenga n'kuchiika pamwamba pa kabati, poonekera.

Kompyuta itayaka ndinalowa kumene ndinaika nzeru yanga ija. Ndinazimitsa zoti chithunzi chizituluka chokha, n'kubwezera sikirini yakuda. Kenako ndinayenera kulankhula, ndipo sindinayambe ndaopapo kutsegula pakamwa ngati tsiku limenelo. Liwu limodzi lolakwika likanamveka ngati ndikuwanena kuti ndi akuba, m'nyumba mwawo, kuseri kuli amayi odzaza bwalo. Ndinalankhula maso ali pa TV.

"Mayi, chithunzi chija ndinaika ndine. Bambo sanandipemphe. Sindinaganize za khomali. Ndachotsa. Kuyambira lero palibe nkhope imene idzatuluke yokha pamenepa, pokhapokha munthu ataifuna n'kudina."

Mbale inasiya kulira m'manja mwawo. Kenako inayambanso.

"Bambo akafunsa, ndiwauza kuti filimu ndasokoneza ndine," ndinatero. "Nditsanzike."

Ndinabwerera kumsika n'kutsegula benchi, poti kubisala kunali kutandikwana. Anthu awiri atatu anabwera kudzabenetsa nyimbo, ndipo mmodzi ndinamuikira za maliro m'malo mwa za ukwati, mpaka anandifunsa ngati ndaledzera. Ndinkangobwereza mumtima mawu okauza Alhaji. Bambo, ndinakunamizani. Bambo, mawu a malemu aja kulibe. Chiganizo chilichonse chinkathera pa nkhope yawo itakhala chete. Telala anandiyang'ana pamwamba pa makina ake n'kunena kuti ndikuoneka ngati wodwala malungo. Ndinaganizako zokwera njinga kupita ku Mposa osabwereranso, koma ndinadziwa kuti ndikathawa ndiye kuti ndavomera ukuba, ndipo akandipeza komweko pamaso pa agogo.

Dzuwa litapendeka, kuitana kwa swala kunamveka kuchokera kumzikiti wa pafupi ndi msika. Amuna anayamba kutseka mashopu. Ndinaona Alhaji chapatali akuwoloka msewu, mkanjo woyera, kulunjika kumzikiti. Ndinawerengera kuti ndatsala ndi nthawi yochepa chabe. Ndinayamba kulongedza mamemori khadi m'kabotolo.

"Achimwene, muli ndi nyimbo za kaswida?"

Ndinadzutsa mutu. Anali mkazi wa Alhaji uja, atafunda mpango mpaka pamphumi, dengu la tomato ndi anyezi lili m'manja, ataima ngati kasitomala wina aliyense. Anafunsa mokweza kuti telala amve.

"Zilipo, mayi," ndinayankha.

"Ndidzatuma mwana."

Anaika dengu pabenchi ngati akufuna kukonza mpango. Dzanja lawo linalowa pansi pa anyezi n'kutulutsa kanthu kokulungidwa m'kansalu, n'kukakankhira kwa ine. Kanali kolemera pang'ono, ka makona anayi, ndipo pakansaluko panali gaga wa mpunga.

"Kanali m'thumba la mpunga," anatero chapansipansi. "Sikananyowe. Sindikanataya, ndi mayi wa anthu. Ana akaone agogo awo mawa." Ananyamula dengu lawo. "Koma nthawi ya swala, khoma lizikhala khoma. Thamangani asanatuluke mumzikiti."

Anatembenuka n'kulowa pakati pa anthu ogulitsa nsomba, osacheukanso.